Mayi wa Kuseri kwa Galasi

Loweruka lililonse ndikatha kukolopa m'tchalitchi
ndimakwera pabenchi ndi kansalu kofewa
kudzapukuta galasi lanu, Mayi.
Nkhungu ya Mzuzu imalowera pazenera losweka lija
n'kudzakugonani pamphumi ngati thukuta.

Bambo Mfumu okalamba aja, mzimu wao uuse,
ankati anakujambulani kutsidya la nyanja
zaka mazana asanu zapitazo,
ndipo chili panochi n'chithunzi cha chithunzi,
chidzukulu chamtengo wa bondo cha utoto weniweniwo.
Ankati kubiriwira kwa chofunda chanuchi ndi mwala,
mwala wosinjidwa mpaka ufa, wodula kuposa golide.
Ine ndinaseka kukamwa nditagwira.
Ndani angafunde mwala mwezi wa Juni kuno?

Ankaloza ndi chala chonjenjemera.
Kakombo wa m'kamtsukoyo, ati unamwali.
Diresi lofiira la m'katilo, ati magazi.
Chimanga chachizungu chong'ambika pakati,
nthanga zonse pamtunda, ati ndife, mpingo.
Ngakhale kambalame kamene mwana wakafumbata,
ati kamadya m'zitsamba za minga,
choncho chisoti chija chafika kale m'manja mwake
iye mano asanamere.

Koma wojambulayo sanalerepo mwana, ndingalumbire.
Pachifuwa popanda ndi dontho lomwe la mkaka?
Khanda lamaliseche pamphepo,
lopanda kachipewa, lopanda thewera?
Ndiye zala zanuzo, zazitali, zosalala,
sizinalowepo m'madzi a Lunyangwa m'mamawa.
Mwamunyamula ngati mbale ya eni.
Ndikanakhalapo ndikanakubwerekani chitenje,
ndikanakumangirani mfundo pamwamba pa bere
kuti manja apume,
kuti mumve mtima wake ukugogoda pamsana
ngati mlendo woti sadzachoka.

Maso okha ndiwo sananame.
Simukuyang'ana mwanayo.
Simukuyang'ananso ine.
Mukuyang'ana pansi, chakumanzere, pomwe palibe kanthu,
ngati munthu amene wamva galimoto ikadali kutali
ena onse akuseka.

Maso amenewo ndili nawo kwathu ku Chibavi.
Penjani wanga amatchova njinga,
zija kuno amazitcha sakaramento,
kunyamula amayi ndi matumba a mbatatesi
kuchoka ku msika mpaka ku Luwinga.
Amadzuka nkhungu isanayalule mphasa yake.
Malole a matabwa ochokera ku Chikangawa
amatsika ngati alibe amayi.
Ndikamva mabuleki kulira ku Katoto
mawere ouma kalewa amandiyabwa.

Tsiku lina Bambo Mfumu anatsitsa mawu.
Taona, NyaLongwe, mmene kamkono kakugwera,
mmene mutu wapendekera chagada.
Wojambula wamugoneka dala choncho
kuti miyendo yomweyi idzamulandirenso
atamutsitsa pamtanda.
Sindinayankhe. Ndinafinya kansalu kouma kale.
Zoti miyendo ya mayi imayezedwa kawiri
sindinafunikire kuuzidwa ndi munthu wa ku seminale.

Ndiye ndikufunseni, poti tatsala awiri:
mngelo uja atabwera, anakuuzani zonse?
Kapena anangonena zoyambirira zokha
monga amachitira anamwino kusikelo,
kulemba kulemera kwa mwana m'kabuku
n'kusiya masamba enawo oyera?

Simuyankha. Chiswe chadya ngodya ya felemu.
Dzuwa la zaka zambiri lasuwitsa chofunda chanu,
mwala uja tsopano ukufanana ndi chitenje
chochapidwachapidwa pa mjigo.
Chikukukhalani bwino chomwechi.

Panja belu lalira kawiri, kenako kamodzi.
Ndi iyeyo. Lero wabwera.
Ndisanatsike pabenchi ndimapumira pagalasi,
nthunzi n'kuphimba nkhope yanu yoyerayo,
ndipo kwa kamphindi mumakhala mayi wina aliyense
woima m'nkhungu pamphambano,
kudikira.

Kenako ndimapukuta.